Perefyumu wa mizu ya vetiva: mmene ndimapangira wanga kuno ku Lilongwe

Fungo limene linandilowetsa m'zonsezi ndinalipeza ndi khasu. Ndinali ndi zaka 12, ndili pa holide kwa agogo anga ku Mitundu, tikugalauza mizere mvula isanayambe. Khasu linapita m'mbali n'kudula mizu ya udzu umene alangizi anabweretsa kuti tibzale pa akalozera, uja wa vetiva. Mizu yake ndi yopyapyala ngati ulusi, yotuwira, ndipo imalowa pansi kwambiri. Nditaisansa dothi n'kuiyandikiza kumphuno ndinangoti kakasi. Inkanunkhira ngati nthaka imene yangowazidwa kumene ndi chizimalupsa, koma mkati mwake munali kautsi, ndi kena kake kozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinaimanga pa nsonga ya chitenje. Madzulo tikudya, agogo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi iwe, wadzola chiyani?" Nditawaonetsa anati, "Udzu wa alangiziwu? Bola usandizulire wonse, munda ungapite ndi madzi."

Patapita zaka zambiri, ndikugwira kale ntchito m'tauni, ndinalowa m'sitolo ina ku Old Town n'kupoperako padzanja perefyumu wa abambo wochokera ku France, wodula moti za kugula sindinaziganizire n'komwe. Ndili mu minibasi pobwerera, fungo la pamwamba litauluka, padzanja panga panatsala munda wa agogo uja. Ndi pamene ndinayamba kufufuza, n'kudziwa kuti mafuta a mizu ya vetiva ndi chuma kwa opanga perefyumu, ndipo ambiri amachokera ku Haiti, ena ku Java ndi ku India. Ife kuno timangouona ngati mpanda wotchinga madzi.

Zimene ndikulemba pano ndi njira imene ndimatsata pa katebulo ka m'chipinda changa ku Area 25. Ndi ya munthu wofuna kabotolo kamodzi kakekake, kamene fungo lake sakakumana nalo pa munthu wina ku ukwati. Ntchito ya manja ndi yochepa. Chachikulu ndi kudikira: kuchokera tsiku lokumba mizu kufika tsiku lodzola, werengani miyezi itatu.

Mphuno kaye

Musanasakanize kalikonse, dziwani fungo lililonse palokha. Tengani pepala lolimba losanunkhira, monga lija ana amajambulapo zithunzi, mulidule timizere ngati chala kutalika. Kumapeto kumodzi lembani dzina la mafuta onunkhira amene mukuyesa ndi nthawi, kwinako dontheza dontho limodzi. Nunkhizani pakatha mphindi zisanu, pakatha ola, masana, kenako m'mawa mwake, ndipo ulendo uliwonse lembani m'kope zimene mwamva. Musavutike ndi mawu a akatswiri. M'kope langa muli zinthu ngati "kabati ya agogo", "pensulo yosongoledwa kumene", "masamba a tomato". Mawu anuanuwo ndi amene adzakukumbutseni fungolo pakatha chaka.

Mudzaona kuti la malalanje limabwera ndi mphamvu, koma pamene nsima ikupsa latha kale. Lavender ndi geranium amakhalako maola angapo. Patchouli ndi vetiva mudzawapeza m'mawa ali pompo, mwinanso mkuja. Chifukwa chake n'chakuti tizigawo ta mafuta a zipatso n'topepuka, timauluka msanga, pamene ta mizu, mitengo ndi utomoni n'tolemera, timakakamira. Perefyumu yense amamangidwa pa kusiyana kumeneku. Pali fungo la pamwamba limene limakulonjerani, la pakati limene limacheza nanu, ndi la pansi limene limatsala anthu onse atapita. Ine ndimaziona ngati kwaya ya kutchalitchi. Sopulano ndiye amamveka koyamba, koma besi akasowa nyimbo imalendewera.

Musapitirire mafuta anayi pa tsiku, mphuno imatopa. M'masitolo amaika kambale ka khofi kuti muzinunkhiza pakati, koma khofi nayenso ndi fungo lina lolemetsa mphuno. Ine ndimatuluka panja, kapena kununkhiza mkono wa malaya anga. Nthawi yabwino ndi m'mamawa, aneba asanayambe kukazinga anyezi.

Mowa wake ndi uti

Perefyumu wopopera amafuna ethanol wamphamvu, wa 95 kapena 96 peresenti. Dziko lathu limapanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo wambiri amasakanizidwa ndi petulo. Wa m'botolo laling'ono funsani m'mafamase akuluakulu kapena m'masitolo ogulitsa zipangizo za m'malabu a sukulu. Werengani chizindikiro cha pabotolo ndi maso anu, musangomva za wogulitsa.

Sipiriti ya pepo ija timayatsira makala kapena kupukutira mashini ometera musaigwiritse ntchito. Imathiridwa mankhwala dala kuti anthu asamwe, kawirikawiri methanol, amene ndi poizoni, ndipo fungo lake silichoka. Kachasu nayenso ayi. Ali ndi fungo lakelake limene limakwirira chilichonse, komanso madzi ndi ambiri. Ngakhale vodka wa m'sitolo, ethanol amakhalamo magawo 40 okha pa 100, otsalawo ndi madzi, ndiye mukathiramo mafuta zimayera ngati madzi otsukira mpunga, mafutawo n'kuyandama pamwamba.

Ethanol amayaka msanga, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Magetsi akazima musapitirize ntchitoyi ndi kandulo. Tsekani mabotolo, mudzapitiriza mawa. Mbaula ikhale kutali, ana akhale panja.

Mafuta

Pamsika pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza. Pali timabotolo tija timagulitsidwa ku Area 2 ndi ku Tsoka, tolembedwa maina a maperefyumu otchuka. Amenewo ndi osakaniza kale, otsanzira fungo la wina. Ena amanunkhira bwino ndithu, koma simungaphunzirepo kanthu, zili ngati kuphunzira kuphika ndi ndiwo zopsa kale. Amene mukufuna inu ndi aja amalembedwa kuti essential oil, ofinyidwa kapena kutchezedwa kuchokera ku chomera chimodzi. Amapezeka m'mafamase ena ndi m'masitolo a zaumoyo, kapena tumani mnzanu wopita ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam. Botolo likhale la galasi lakuda, lolembedwa dzina la chomeracho m'Chilatini ndi dziko limene achokera. Kunyumba dontheza dontho papepala. Ngati mawa lake patsala bwalo la mafuta ngati pamene panakhala chitumbuwa, achulukitsidwa ndi mafuta ena. Olemera ngati patchouli amasiya kamtundu, koma a malalanje ndi lavender ayenera kuuma osasiya kanthu.

Mukapeza mafuta a rozi otchipa, dziwani kuti si a rozi. Kuti atulutse kilogalamu imodzi ya mafuta enieni, alimi a ku Bulgaria ndi ku Turkey amathyola maluwa oposa matani atatu. N'chimodzimodzi ndi oud amene watchuka ndi maperefyumu a ku Dubai. Weniweni amachokera mu mtima wa mtengo wa Aquilaria umene wadwala n'kutulutsa utomoni, ndipo mtengo wake ndi woopsa. Sikuti ndikunyoza zopangidwa m'labu. Kuyambira mu 1882, pamene perefyumu wotchedwa Fougère Royale anatuluka ndi coumarin, fungo lopangidwa m'labu, maperefyumu akuluakulu akhala akudalira zimenezi, ndipo Chanel No. 5 wa mu 1921 amadziwika ndi ma aldehyde ake, nawonso a m'labu. Chimene sindifuna ndi kulipira mtengo wa rozi pogula chinthu china.

Poyamba gulani asanu ndi awiri okha: malalanje otsekemera, lemongrass, lavender, geranium, ylang-ylang, patchouli ndi cedarwood. Mukapeza mafuta a lubani onjezani. Geranium ndimamukonda mwapadera chifukwa amapereka kafungo ka rozi pa mtengo wofikirika, ndipo chomera chake kwawo n'kumwera kwa Africa konkuno. Ylang-ylang ndi duwa lolimidwa kwambiri ku Comoros ndi Madagascar, anansi athu a kunyanja yamchere.

Pa cedarwood ndiimepo pang'ono. Wa m'mabotolo amachokera ku mitengo ya ku Morocco kapena ku America. Si mkungudza wathu wa ku Mulanje. Fungo la mkungudza ndi lokoma zedi, aliyense amene anatsegulapo kabokosi kosemedwa ndi mtengowu amalidziwa, ndipo mtima umafuna kuliika m'botolo. Koma mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu paphiri chifukwa cha odula mozemba ndi moto. Wina akakutsatsani tizidutswa kapena utuchi wake, kanani. Tikamagula ife, nkhwangwa siileka.

Zotsala ndi zazing'ono: mabotolo agalasi otseka bwino, kabotolo kopopera ka 10 ml, sirinji yopanda singano yoyezera, pepala losefera khofi, ndi kope. Pulasitiki ayi, mafuta ena amaidya.

Kukumba ndi kuviika mizu

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Sankhani vetiva amene wakhala m'nthaka chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Wamng'ono mizu yake imangonunkhira udzu. Kumbani m'chilimwe, nthaka ili youma, cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Mawu a agogo aja ndimawasunga mpaka lero: simuzula mzere umene ukugwira nthaka. Ndimakumba mbali imodzi ya phata, mbali ya kumtunda, n'kudula mizu yodzaza manja awiri, kenako n'kukwirira bwinobwino. Masiku ano ndinabzala wanga kuseri kwa nyumba m'matumba a feteleza odzaza dothi losakaniza ndi mchenga. Nthawi ikakwana ndimangong'amba thumba, mizu yonse ili poyera, yoyera bwino, yosavuta kutsuka. Ngati muli pa lendi, njira ndi imeneyi.

Tsukani mizu m'beseni, kusintha madzi mpaka asiye kuda. Musaiviike usiku wonse. Yanikani pa lichero pamthunzi pomwe pakupita mphepo, osati padzuwa, kwa sabata ziwiri. Ikauma imathyoka ndi kaphokoso, ndipo fungo limakhala litakhwima, la udzu lija litachoka. Ikakhala ndi chinyezi imachita nkhungu ndiponso imalowetsa madzi mu ethanol wanu.

Iduleni tizidutswa ndi sizasi, kenako muisinje pang'ono mu kamtondo koyera, kosasinjiramo tsabola kapena nsinjiro. Cholinga n'kuiphwanya chabe, osati kuisandutsa ufa. Ikani m'botolo lagalasi, monga la jamu lotsukidwa bwino n'kuumitsidwa, mpaka theka, n'kuthira ethanol mpaka mizu yonse imire ndi kupitirira chala chimodzi. Ngati muli ndi sikelo, magalamu 20 a mizu pa 100 ml ya ethanol. Onetsetsani chivindikiro. Chikakhala kuti chikununkhabe jamu kapena mayonezi, perefyumu wanu adzanunkha zomwezo. Tsekani, lembani tsiku papepala n'kumata, ikani m'kabati mwa mdima. Tsiku lililonse khutchumulani kamodzi.

Sabata yoyamba mudzakhumudwa, chifukwa mukatsegula mudzangomva mowa. Musaweruze ndi mphuno pabotolo. Dontheza padzanja, dikirani ethanol auluke, ndiye nunkhizani. Pofika sabata yachitatu madzi aja amakhala ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pakatha sabata zitatu ndimasefa, kutaya mizu yakale n'kuikamo ina yatsopano mu ethanol yemweyo, kwa sabata zina zitatu. Kubwereza kotereku n'kumene kumalimbitsa fungo. Opanga perefyumu amatcha madzi amenewa tincture. Sakhala amphamvu ngati mafuta a vetiva otchezedwa ndi nthunzi ku fakitale. Fungo lake ndi lofatsa, lokhala pafupi ndi khungu, koma lili ndi kadothi kamene sindinakapezepo m'mafuta ogula.

Lubani amachitidwa chimodzimodzi, ndipo savuta. M'masitolo a ku Area 2 kufupi ndi mzikiti mumapezeka mitundu iwiri pa dzina limodzi. Wina ndi timibulu tachikasu ngati misozi youma. Ameneyo ndiye utomoni wa mtengo wa Boswellia wa ku Somalia, Ethiopia ndi Oman, uja timamva pa Khirisimasi pamodzi ndi golide ndi mure. Fungo lake lili ndi kandimu ndi kautsi. Wina ndi chibuma chotuwa chothyoka ngati mwala wofewa, kawirikawiri ndi benzoin wa ku Asia, wotsekemera ngati vanila. Onse ndi abwino, koma musawaike botolo limodzi. Phwanyani supuni imodzi, thirani ethanol masupuni asanu, dikirani sabata ziwiri. Gawo lina silisungunuka, limatsala pansi ngati phala, sefani n'kutaya.

Kusakaniza

Mphamvu ya perefyumu imayezedwa ndi kuchuluka kwa mafuta mu ethanol. Eau de cologne, dzina lochokera ku mzinda wa Cologne kumene banja la Farina linayamba malonda ake mu 1709, amakhala ndi mafuta ochepa, osapitirira magawo 5 pa 100. Eau de toilette amafika cha pa 10, eau de parfum cha pa 15 mpaka 20. Ife tipanga wa 15. M'kabotolo ka 10 ml, ndiye kuti mafuta 1.5 ml, amene ndi madontho pafupifupi 30. Madontho amasiyana kukula malinga ndi kamwa la botolo, ndiye mukadzazolowera mudzagule kasikelo koyeza mpaka 0.01 g. Poyambira madontho akukwanira.

Yambani ndi besi. M'kabotolo kouma dontheza cedarwood 5, mafuta a lubani 3, patchouli 2. Ngati mafuta a lubani mulibe, onjezani cedarwood kufika 7 ndi patchouli 3, lubaniyo alowa kudzera mu tincture. Zunguzani, viikani kapepala, nunkhizani. Apa fungo limakhala lakuda, lolemera, mwina simulikonda. Musadandaule, maziko a nyumba sakongola.

Kenako pakati: lavender 6, geranium 4, ylang-ylang 1. Dontho limodzi lokha la ylang-ylang, ndipo ndikunenetsa. Awiri amalanda bwalo lonse, fungo limasanduka la nthochi yakupsa kwambiri, komanso ndi amodzi mwa mafuta amene amayabwa anthu ena akachuluka. Pomaliza pamwamba: malalanje 8, lemongrass 1. Lemongrass naye ndi wolongolola, mukawonjeza perefyumu amamveka ngati sopo wotsukira mbale.

Tsopano ndi sirinji thirani 5 ml ya tincture wa vetiva, 1 ml ya wa lubani, ndi 2.5 ml ya ethanol wopanda kanthu. Tsekani, khutchumulani. Zikachita mbuu, onjezani ethanol pang'ono. Lembani zonse m'kope nthawi yomweyo, dontho lililonse, ngakhale lija lagwera mwangozi. Ndinapangapo kabotolo kamene achemwali anga anakakonda kwambiri, mpaka lero amandifunsa kuti, "Achemwali, kaja ka chaka chija mudzapanganso liti?" Sindinalembe, ndipo ndayesa kasanu konse osakapezanso. Zimandipweteka mtima.

Mukafuna kusintha, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo. Pangani timabotolo tiwiri tosiyana dontho limodzi la geranium, mudzadabwa kutalikirana kwake.

Mwina mukufunsa za mandimu, kapena manachesi a ku Mwanza amene amadzaza msika wa Lizulu m'nyengo yozizira. Makoko a manachesi ndi malalanje mukhoza kuwaviika mu ethanol masiku atatu, mutachotsa choyera cha mkati, ndipo amapereka fungo losangalatsa ngakhale silikhalitsa. Koma mandimu, laimu ndi bergamot, chipatso china cha mtundu wa malalanje, samalani nazo. Mafuta a makoko ake ali ndi zinthu zimene zikakumana ndi dzuwa zimawotcha khungu n'kusiya mabala akuda otenga miyezi kuti achoke. Ndi dzuwa lathu la Okutobala si nkhani yoseweretsa. Mukagula bergamot, yang'anani wolembedwa FCF, ndiye kuti zowotchazo zinachotsedwa.

Sinamoni ndi cloves ndinaphunzira ndi thupi langa. Ndikuyamba kumene ndinaika madontho anayi a mafuta a khungwa la sinamoni m'kabotolo, chifukwa fungo lake linkandikumbutsa tiyi wa kwa azakhali anga ku Nkhotakota. Ndinadzola pakhosi popita ku chinkhoswe. Tisanafike n'komwe khosi linali litafiira, likuwotcha ngati ndakhudza chitedze, ndipo zinatenga sabata kuti zipole. Pali bungwe lotchedwa IFRA, lokhazikitsidwa mu 1973, limene limaika malire a kuchuluka kwa mafuta oterewa m'zodzola, ndipo malire a sinamoni ndi otsika kwambiri. Malamulo ake ali pa intaneti, aliyense akhoza kuwerenga. Woyamba kumene, zokometsera za kukhitchinizi zisiyeni kaye.

Kudikira

Kabotolo kaja kaikeni m'kabati kwa sabata zinayi, zisanu ndi imodzi ngati mtima ukulola. Tsiku loyamba mafuta aliwonse amayankhula paokha, ethanol akubaya mphuno. Pang'onopang'ono amagwirizana. Malalanje amasiya kukuwa, patchouli amafewa, vetiva amakwera kuchokera pansi n'kugwira zonse pamodzi. Ndimanunkhiza Lamlungu lililonse ndikabwera kutchalitchi, n'kulemba mzere umodzi. Musawonjezere kanthu m'sabata ziwiri zoyamba ngakhale muone ngati mwalakwitsa. Mabotolo ambiri amene ndinawononga ndinawawononga ndi kupupuluma.

Nthawi ikakwana, gonekani botolo m'furiji usiku umodzi, osati mufiriza. Kuzizira kumagwetsa phula ndi zinyalala zosaoneka. M'mawa sefani ndi pepala la khofi likadali lozizira, kulowetsa m'kabotolo kopopera.

Musanadzole pakhosi, yesani mkati mwa mkono, pamalo ngati kandalama, n'kudikira masiku awiri. Pakayabwa kapena kufiira, ameneyo si wanu. Amayi oyembekezera ndi ana aang'ono ndimawapatula, sindiwapatsa. Ndipo poti tincture ali ndi mtundu, musapopere pa bulauzi yoyera ya Mvano kapena pa shati ya ku ofesi. Poperani pakhungu, liume, ndiye muvale.

Wa mafuta ndi wa phula

Anzanga ena, makamaka achisilamu, safuna zodzola za mowa. Komanso m'miyezi yotentha perefyumu wa ethanol amauluka msanga, pofika ku Bwalo la Njobvu watha. Wa mafuta sapita patali, koma amakhalitsa. Tengani kabotolo kokhala ndi kampira pakamwa ka 10 ml, ikani madontho 20 a msakanizo wa mafuta womwe uja, dzazani ndi mafuta otchedwa jojoba. Jojoba ndimamukonda chifukwa sawonongeka msanga ndipo alibe fungo. Mafuta a nthanga za malambe, amene amapangidwa konkuno, amagwiranso ntchito bwino, kungoti pangani wochepa woti athe m'miyezi ingapo. Mafuta ophikira ayi, amasasa. Tincture sasakanikirana ndi mafuta, ndiye apa vetiva alowe ngati mafuta ogula, madontho awiri m'malo mwa patchouli.

Wolimba ngati mafuta a milomo amapangidwa ndi phula la njuchi. Supuni yaing'ono imodzi ya phula, masupuni aang'ono atatu a jojoba, m'kachitini koyera koimika m'madzi otentha, osati pamoto penipeni. Zikasungunuka chotsani, dikirani pang'ono, thirani madontho 30 pa masupuni aang'ono anayi amenewa, takasani ndi kamtengo, tsanulirani m'kabokosi. Ameneyu satayika m'chikwama.

Maluwa a pabwalo

Pali mtengo umene uli m'mipanda yambiri ku Area 10, Area 47 ngakhale m'mabwalo a matchalitchi, frangipani, wa maluwa oyera achikasu pakati. Madzulo kukamada fungo lake limadzaza bwalo. Mukaviika maluwawa mu ethanol mumapeza fungo la masamba ophika, lokomalo limathawa. Njira yake ndi ina, yakale, imene ankagwiritsa ntchito ku Grasse, tauni ya kumwera kwa France imene luso lake la perefyumu linalembedwa ndi UNESCO mu 2018. Iwo amati enfleurage. Ankapaka mafuta olimba a nyama pa magalasi n'kuyala maluwa a jasmine pamwamba, chifukwa duwa limapitiriza kupuma fungo ngakhale litathyoledwa, ndipo mafuta amalimeza.

Ine ndimatenga mbale ziwiri zadothi zofanana. Ndimapaka Vaseline wosanunkhira mkati mwa zonse ziwiri, wochindikala ngati theka la chala, n'kulemba timizere ndi foloko kuti malo ogwira fungo achuluke. Madzulo ndimatola maluwa ongogwa kumene kapena kuthyola mosamala. Utomoni wake woyera uja umayabwa, usakhudze maso, ndipo ndimasiya maluwa pa nsalu kanthawi kuti kuthako kwake kuume. Ndimawayala chafufumimba pa mbale imodzi, nkhope pansi, osawakanikiza, n'kuvindikira ndi inzake. Mawa madzulo ndimachotsa onse, ngakhale kachidutswa, n'kuika atsopano. Duwa lonyowa ndi mame kapena mvula musaike, limaola, ndipo likaola ntchito ya sabata zonse yapita.

Masiku asanu oyamba simumva kanthu. Cha pa tsiku la khumi, mukatsegula mbale fungo limakupezani. Ine ndimafika masiku 25 kapena 30. Kenako ndimapala Vaseline uja ndi supuni n'kuika m'kabotolo. Ameneyo ndi perefyumu kale, wopaka kuseri kwa makutu, ndipo ndi frangipani weniweni monga amamvekera pabwalo dzuwa litalowa. Palibe chimene ndimapanga chimene chimandisangalatsa kuposa ichi. Mwana wa aneba anga amandithandiza kutola maluwa, ndipo akabwera amayamba ndi kufunsa kuti, "Anti, lero ndi tsiku la chingati?"

Za kusunga ndi kugulitsa

Adani a perefyumu ndi dzuwa, kutentha ndi mpweya. Pawindo ayi, m'galimoto ayi, kubafa ayi. M'kabati ya zovala ndiye malo ake. A malalanje ambiri amayamba kusintha pakatha chaka, pamene a vetiva ndi patchouli amakoma akamakalamba. Podzola, khungu louma silisunga fungo, makamaka mu Juni ndi Julayi mphepo ikamawomba, ndiye yambani mwapaka mafuta osanunkhira.

Anthu akayamba kukufunsani kuti mwadzola chiyani, maganizo a bizinesi amabwera okha. Kupatsa mnzanu kabotolo n'kosiyana ndi kugulitsa kwa anthu amene simukudziwa khungu lawo. Musanaike pa WhatsApp kapena pa Facebook, pitani ku Malawi Bureau of Standards mukafunse zofunika pa zodzoladzola, ndipo pabotolo lililonse lembani zimene zilimo ndi tsiku lopangira. Musalembepo dzina la perefyumu wa eni ake.

Chimene ndikulimbana nacho panopa ndi fungo la mvula yoyamba lenilenilo. Ku Kannauj, ku India, amatcheza dothi lowotcha n'kulowetsa nthunzi yake m'mafuta a sandalwood, n'kupeza chimene amati mitti attar, fungo la nthaka yonyowa. Ine zotchezera ndilibe, ndiye ndinaphwanya phale la mphika watsopano wosaphikiramo, ndinaliwaza madzi pang'ono, n'kulitsekera m'mbale ziwiri zija pamwamba pa kansalu, Vaseline ali ku mbale ya pamwamba. Ndabwereza kwa sabata zitatu. Fungo likubwera, lochepa kwambiri, lomveka pokhapokha mphuno ili yopuma m'mamawa.

Kabotolo koyamba ka vetiva kamene ndinakhutira nako ndinapita nako ku Mitundu. Agogo anali atakhala pamkeka pakhonde, maso atayamba kale kuchita khungu. Ndinawapopera padzanja n'kuwauza kuti adikire kaye, asanunkhize msanga. Tinacheza za mvula ndi za mtengo wa feteleza. Patapita nthawi anakweza dzanja kumphuno, n'kukhala chete. Kenako anati, "Uwu ndi udzu wa kumunda kuja." Ndinavomera. Anatambasula dzanja lina, ndinawapatsa kabotolo kaja, ndipo anakamanga pa nsonga ya chitenje n'kunena kuti akadzola Lamlungu.